Mavitamini a M'mafuta ndi Kuthothoka kwa Tsitsi: Mafunso ndi Mayankho

Pa Ulongwe, pamene msewu wochokera ku Liwonde umadutsa polowera ku Mangochi, m'dera la Mfumu Kalembo limene kale linkawerengedwa ku Machinga kufikira pamene Balaka lidakhala boma palokha m'chaka cha 1998, nkhani ya tsitsi siikambidwa pabwalo; imanong'onedwa m'saluni, pamjigo ndi pamzere wa kusikelo, pakuti munthu amene tsitsi likumuthothoka amagwidwa manyazi, navala duku kapena chipewa kuti anzake asaone. Tsono popeza masiku ano kwamveka mbiri yakuti mankhwala a vuto limeneli ndiwo mavitamini, ndipo timabotolo ta mapiritsi tayamba kulowa m'nyumba zambiri, tina togula m'masitolo, tina totumizidwa ndi ana athu a ku Joni, kwatikomera kusonkhanitsa mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri ndi kuwayankha limodzilimodzi, pokumbukira kuti safunsa adadya phula.

Kodi mavitamini osungunuka m'mafuta ndiwo ati, nanga amasiyana bwanji ndi anzawo?

Mavitamini amene thupi la munthu limafuna alipo 13, ndipo adagawika pawiri. Gulu loyamba, la vitamini C ndi mavitamini a banja la B, limasungunuka m'madzi, kotero kuti munthu akalandira oposa amene thupi likufuna, ambiri mwa otsalawo impso zimawataya mumkodzo. Gulu lachiwiri ndilo la mavitamini anayi, A, D, E ndi K, amene salowa bwino m'magazi pokhapokha atatsagana ndi mafuta a m'chakudya, mothandizidwa ndi ndulu yochokera kuchiwindi. Ndipo akalowa safulumira kutuluka, koma amasungidwa m'chiwindi ndi m'mafuta a m'thupi, ena kwa miyezi yambiri, kupatula vitamini K imene thupi silisunga yochuluka. Chiwindi tsono chili ngati nkhokwe ya pabanja, imene ikadzazidwa m'masika imapulumutsa ana m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, komanso ikamangothiridwa chimanga mopyola muyeso wake imathyoka miyendo, nigwetsa zonse. Pa mfundo ziwirizi, yakuti mavitamini awa amafuna mafuta kuti alowe, ndi yakuti akalowa amaunjikana, pagona mayankho ambiri amene akutsatawa.

Ndikapesa, tsitsi limatsalira pachipeso. Kodi ndiye kuti ndadwala?

Iyayi, si nthawi zonse. Pamutu pa munthu wamkulu pali tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo lililonse lili ndi nyengo zake: limakula kwa zaka 2 kufikira 6, moonjezera pafupifupi sentimita imodzi pamwezi kapena kucheperapo pang'ono, kenaka limapuma kwa miyezi itatu, niligwa, kuti pamuzu womwewo pamere lina. Mwa ichi, ngakhale munthu wathanzi amataya tsitsi 50 kufikira 100 tsiku lililonse, ndipo mayi amene adaluka kwa milungu ingapo, pomasula adzaona la masiku onsewo likutuluka nthawi imodzi, nadzidzimuka popanda chifukwa. Tengani limodzi mwa tsitsi lagwalo, muliike pansalu yakuda, mulipenyetsetse padzuwa. Ngati kumapeto kwake kuli kamutu koyera, limenelo lachoka ndi kumuzu, ndipo ndilo lingakhale ndi nkhani ya m'kati mwa thupi. Koma ngati ndi lalifupi, lopanda kamutu, lathyoka panjira chifukwa cha mankhwala owongolera, moto wa chowotchera kapena kupesa mwankhanza, ndipo palibe vitamini imene ingalumikize chothyoka. Chodetsa nkhawa ndi pamene khungu la pamutu layamba kuonekera, kapena pamene tsitsi likuzuka lambiri mukangoligwira pang'ono.

Kodi kuchepa kwa vitamini A kumathothola tsitsi?

Vitamini A imagwira ntchito m'maso, pakhungu ndi m'chitetezo cha thupi. Ndipo mizu ya tsitsi, pokhala mbali ya khungu, nayonso imaifuna. Ikachepa kwambiri, khungu limauma ndi kuchita tiziphuphu tokhakhala pamene pamera ubweya, tsitsi nalo limauma ndi kuthyokathyoka. Komatu zimenezi sizidza zokha, ndiponso sizidza poyamba, pakuti chizindikiro chotsogola ndicho kusaona bwino kukamada, pamene mwana amapunthwa madzulo anzake akuthamanga bwinobwino, kenaka maso amauma, ndipo chikuku ndi kutsekula m'mimba zimamugwira mwamphamvu kuposa ana ena. Kale vutoli lidali lalikulu m'dziko muno. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2001 adapeza ana aang'ono 59 mwa 100 aliwonse ali operewera vitamini A. Mu 2009 chiwerengerocho chidatsika kufika pa 22. Ndipo kafukufuku wa 2015 ndi 2016 adapeza ana pafupifupi 4 okha mwa 100. Chifukwa chake munthu wa ku Ulongwe amene amaona bwino usiku, nadya mango pa nyengo yake, mapapaya, maungu, ndiwo zamasamba ndi mafuta ophikira, asafulumire kugamula kuti tsitsi lake latha chifukwa chosowa vitamini imeneyi.

Nanga n'zoona kuti vitamini A ikachuluka imathotholanso tsitsi?

Indedi n'zoona, ndipo apa ndi pamene ambiri asokera, poyesa kuti chinthu chabwino sichingachulukitse. Mwa mavitamini anayiwa, umboni wolimba koposa wokhudza tsitsi uli pa vitamini A yopyola muyeso, imene imasokoneza nyengo za mizu kotero kuti tsitsi lambiri limagwa pamodzi, nthawi zina ndi nsidze zomwe. Ndipo pamodzi ndi icho milomo imang'aluka, khungu limauma ndi kusupuka, mutu umawawa kosalekeza, mafupa amaphwanya, chiwindi chimavulala, ndipo kwa mayi woyembekezera mwana wa m'mimba angabadwe wopunduka. M'chaka cha 1912 amuna awiri ofufuza maiko, Douglas Mawson wa ku Australia ndi Xavier Mertz wa ku Switzerland, ali m'dziko lozizira la Antarctica, adataya chakudya chawo chambiri pamene mnzawo adagwera nacho m'phompho; ndipo pofuna kupulumutsa moyo adayamba kudya agalu awo okoka katundu, pamodzi ndi ziwindi zawo, zimene zimasunga vitamini A yochuluka zedi. Khungu lawo lidasupuka, tsitsi lidayoyoka, Mertz namwalira mu Januwale 1913, ndipo madokotala ambiri a pambuyo pake amakhulupirira kuti ziwindizo ndizo zidawadwalitsa. Mayi wamkulu amafuna ma IU pafupifupi 2,300 patsiku, bambo 3,000, ndipo malire amene akatswiri adaika kwa munthu wamkulu ndiwo ma IU 10,000 patsiku. Zilembo ziwirizi, IU, ndizo muyeso wa vitamini wolembedwa pabotolo, ndipo amene amamwa mabotolo awiri kapena atatu osiyana nthawi imodzi angapyole malirewo osadziwa. Chotonthoza n'chakuti munthu akaleka kumwa, tsitsi limabwerera m'miyezi ingapo. Koma chiwindi chikavulala kwambiri sichichira msanga chotero.

Kodi tsono mango, mbatata, shuga ndi kapisozi wa kusikelo sizingatipweteke?

Pano tisiyanitse mitundu iwiri. M'zomera mulibe vitamini A yeniyeni, koma muli chinthu chachikasu chimene thupi limasandutsa vitamini monga momwe likufunira, nilileka likakhuta. Chotero mwana wodya mango tsiku lonse mu Disembala, kapena banja lodya mbatata yofiira m'kati monga Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Chipika, kapena nsima ya chimanga cha mthikinya, alibe choopa, ndipo ngakhale zikhato zitachita chikasu, mtunduwo umatha wokha osagwetsa tsitsi. Mtundu wachiwiri ndiwo vitamini yopsa kale, yopezeka m'chiwindi cha nyama, m'mazira, mumkaka, m'mapiritsi, ndi m'zakudya zimene zimathiridwa vitamini kufakitale, monga mafuta ophikira ndi shuga, amene kampani ya Illovo idayamba kumuthira vitamini A mu 2012. Muyeso wa m'zakudyazi ndi waung'ono, woyenera banja lonse. Kapisozi wa kusikelo ndiye wamphamvu: wobiriwira ngati thambo, wa ana a miyezi 6 kufikira 11, ali ndi ma IU 100,000, ndipo wofiira, wa ana a chaka chimodzi kufikira zaka zisanu, ali ndi 200,000, n'chifukwa chake amaperekedwa kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, kuti chiwindi chisunge ndi kugawa pang'onopang'ono. Akatswiri amene adapendanso magazi a kafukufuku wa 2015 ndi 2016 adaona zizindikiro zakuti ana ena a m'Malawi tsopano ali ndi vitamini A yochulukirapo. Phunziro lake si lakuti tileke kupita kusikelo, ayi ndithu, koma kuti mayi azinyamula kabuku ka mwana nthawi zonse, kuti mlangizi wa zaumoyo aone tsiku limene adalandira komaliza; kuti mwana asapatsidwenso mavitamini ogula popanda mawu a dokotala; ndi kuti munthu wamkulu asameze kapena kufinyira pamutu makapisozi a ana poyesa kumeretsa tsitsi.

Dzuwa la ku Ulongwe ndi lotentha chotere. Kodi munthu angasowenso vitamini D?

Vitamini D ndi yosiyana ndi inzake, pakuti khungu limaipanga lokha likawombedwa ndi dzuwa, ndipo ntchito yake yaikulu ndiyo kuthandiza matumbo kutenga kashiamu wolimbitsa mafupa. Ikasowa mwa ana, miyendo imapindika ndi kuchita matewe. Mlimi wa thonje kapena nandolo, msodzi wa ku Malombe, ndi mayi wotunga madzi ndi kutola nkhuni, kawirikawiri amapeza yowakwanira, ngakhale kuti khungu lakuda limafuna nthawi yotalikirapo padzuwa kuposa loyera. Amene angaperewere ndiwo okalamba ndi odwala ogonera m'nyumba, amene thupi lawo silionana ndi dzuwa masiku ambiri, odwala impso kapena chiwindi, ndi abale athu ogwira ntchito usiku kapena m'nyumba zotsekeka kumaiko ozizira. Kunena za tsitsi, madokotala adziwa kuti mizu yake ili ndi polandirira vitamini D, chifukwa pali nthenda ina yosowa, yobadwa nayo, imene polandirirapo pamakhala powonongeka, ndipo ana ambiri otere amataya tsitsi lonse akali makanda. Komatu ngakhale apatsidwe vitamini yochuluka, mafupa angalimbe koma tsitsi silibwerera. Kafukufuku wambiri wapezanso vitamini D yochepa mwa anthu ena othothoka tsitsi, koma zinthu ziwiri kupezeka pamodzi si umboni wakuti china chabala chinzake. Woperewera, amene magazi ake ayezedwa, apatsidwe. Koma wosaperewera sapindula kanthu, ndipo kupitirira ma IU 4,000 patsiku kwa nthawi yaitali popanda dokotala kungachulukitse kashiamu m'magazi ndi kuwononga impso. Nsomba, makamaka zonona, ndi chikasu cha dzira zimaonjezerapo pa zimene dzuwa lapereka.

Kodi mafuta opaka olembedwa vitamini E amameretsa tsitsi?

Vitamini E imateteza timagawo ta thupi kuti tisawonongeke msanga, ndipo imapezeka yambiri mu mtedza, mpendadzuwa, mapeyala ndi mafuta ophikira, kotero kuti kuperewera kwake n'kosowa, kupatula mwa anthu amene matumbo awo satha kutenga mafuta. Tsitsi limene tikuliona kunjaku lilibe moyo; moyo uli kumuzu, pansi pa khungu, kumene chakudya chimafika kudzera m'magazi. Mafuta opaka, kaya ndi a nsatsi, a kokonati kapena ogula m'botolo lokongola, amafewetsa tsitsi ndi kulichepetsera kuthyoka, ndipo imeneyo ndi ntchito yabwino. Koma sadyetsa muzu, ndipo sadzutsa muzu umene udafa. Ogulitsa amakonda kutchula kafukufuku wina wa ku Malaysia wa 2010, mmene anthu omwa mtundu wina wa vitamini E kwa miyezi isanu ndi itatu adaoneka kuti tsitsi lawo lachuluka; koma anthu onse a m'kafukufukuyo adali 38 okha, ndipo pa chiwerengero chochepa chotero sipamangidwa lamulo. Tidziwenso kuti mapiritsi a vitamini E akachuluka amachedwetsa kuundana kwa magazi, chimene n'choopsa kwa omwa mankhwala osungunula magazi ndi kwa oyembekezera opaleshoni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga vitamini K ili ndi gawo lanji pa tsitsi?

Gawo lake pa tsitsi silidaoneke. Vitamini imeneyi, imene Henrik Dam wa ku Denmark adaitulukira poyambira mu 1929, ntchito yake ndiyo kuumitsa magazi pabala ndi kuthandiza mafupa, ndipo n'chifukwa chake madokotala amalangiza kuti khanda libayidwe jakisoni wake likangobadwa. Imapezeka yochuluka m'masamba obiriwira, bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru ndi chigwada, ndipo wodya ndiwo zimenezi saisowa. Chokhacho choyenera kudziwa n'chakuti mankhwala ena osungunula magazi, monga warfarin, amene amagwira ntchito potsekereza vitamini K, amathothola tsitsi mwa anthu ena. Ndipo wopatsidwa mankhwalawa asawaleke yekha kapena kumwa vitamini K mwa iye yekha, koma akafotokoze kwa dokotala amene adamulembera.

Mwana wanga tsitsi lafiira, lapyapyala, ndipo mapazi atupa. Kodi ndi vitamini, kapena ndi tsempho?

Funso ili ndilo lofulumira koposa onse, ndipo yankho lake lisachedwe. Mwana amene tsitsi lake lasanduka lofiirira, lofewa, lozuka popanda kuwawa, amene mapazi ndi masaya zatupa, khungu likusupuka, ndipo wakhala wokwiyakwiya wosafuna kudya, ali ndi kunyentchera koopsa kumene madokotala amatcha kwashiorkor, nthenda imene Cicely Williams adailongosola ku Ghana m'zaka za m'ma 1930. Makolo athu poona zizindikiro zomwezi adati ndi tsempho kapena mdulo, ndipo Ayao amati ndaka. Ndipo ife sitidza kudzanyoza akuluakulu, amene adaona bwino kuti mwana wotere ali pakati pa moyo ndi imfa. Komatu pamene banja likhala pansi kufunsana kuti walakwa ndani, mwanayo akunka nafooka, ndipo zengerezu adalinda kwaukwau. Chosowa m'thupi lake si vitamini imodzi, koma chakudya chonse chomanga thupi, kawirikawiri pambuyo pa malungo, chikuku, kutsekula m'mimba kapena kuletsedwa kuyamwa mwadzidzidzi. Mutengereni kuchipatala lero lomwe, kumene adzamuyeza mkono ndi kalamba, nadzadina paphazi kuona ngati chala chisiya dzenje, nadzamupatsa chiponde kapena kumugoneka kuti alandire mkaka wamankhwala. Mwana akachira, tsitsi lakuda limamera lokha.

Nditachira mwana, kapena nditadwala malungo aakulu, tsitsi lidayamba kuyoyoka. Kodi ndimwe chiyani?

Thupi likakumana ndi chinthu chachikulu, monga kubereka, malungo otentha thupi kwambiri, opaleshoni, njala kapena chisoni cha maliro, limaika mizu yambiri ya tsitsi m'nyengo yopuma nthawi imodzi, kuti mphamvu zipite kumene moyo ukuzifuna. Ndipo popeza kupumako kumatenga miyezi iwiri kapena itatu, tsitsi limayamba kugwa munthu atachira kale, ataiwala ndi matenda omwe, n'chifukwa chake ambiri amaloza kwina. Kwa mayi wobereka, kuyoyokaku kumayamba mwana ali ndi miyezi iwiri kufikira inayi, ndipo kumatha kokha mwana asanakwanitse chaka. Kuyamwitsa sindiko kumachititsa, ndipo mwana asachotsedwe kubere pa chifukwa chimenechi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kukapitirira miyezi isanu ndi umodzi, tiyang'ane kumagazi, pakuti kuchepa kwa mchere wa ayironi ndi kwa zinki kumathothola tsitsi kawirikawiri kuposa kuchepa kwa mavitamini a m'mafuta. Ndipo kafukufuku uja wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti Amalawi pafupifupi 6 mwa 10 aliwonse ndi operewera zinki. Kuno kwathu magazi amathera m'njira zambiri: malungo obwerezabwereza, likodzo la m'madzi a Malombe ndi Shire, njoka za m'mimba, msambo wochuluka, ndi kubereka pafupipafupi. Mayi wotumbuluka m'zikope ndi m'zikhato, wochita chizungulire ndi befu pokwera kamtunda, akayezetse magazi ndi mkodzo asanagule botolo lililonse.

Nanga timadazi tozungulira pamutu, timene ena amati munthu wametedwa ndi afiti usiku?

Timadazi totere tili ndi zoyambitsa zodziwika, ndipo palibe mwa izo chimene chimachira ndi mavitamini. Mwa ana a sukulu, kadazi kotuwa, kamfundu, koyabwa, kokhala ndi zitsa za tsitsi lothyoka, ndi chipere, chimene chimafala pobwerekana zipeso, zipewa ndi mitsamiro, ndi pometa ndi makina kapena lezala losatsukidwa. Chipere cha pamutu chimalowa m'kati mwa tsitsi lenilenilo, kotero kuti mankhwala opaka okha sachitha. Chimafuna mapiritsi, monga griseofulvin, omwedwa kwa milungu 6 kufikira 8, ndipo mankhwala amenewa nawonso amalowa bwino akamwedwa pamodzi ndi chakudya cha mafuta. Kupaka zinthu zowotcha khungu kumangosiya chipsera pamene tsitsi silidzameranso. Kadazi kosalala, kopanda mfundu, kosayabwa, kooneka mwadzidzidzi mwa mwana kapena wamkulu, kamadza pamene chitetezo cha thupi chalimbana ndi mizu ya tsitsi la mwini wake. Sikapatsirana, ndipo kawirikawiri tsitsi limabwerera m'kati mwa chaka. Timadazi tambiri ting'onoting'ono mwa munthu wamkulu, makamaka pamodzi ndi zotupa m'zikhato ndi kumapazi, tingakhale chizindikiro cha chindoko, chimene chimachira ndi jakisoni. Tisanenerane ufiti pachibale chifukwa cha nthenda imene dokotala angaizindikire pongoiona.

Tsitsi langa latha pamphumi ndi m'mbali. Bambo a kunyumba nawo ali ndi dazi. Kodi mavitamini angatithandize?

Kwa amayi ambiri, kutha kwa tsitsi pamphumi ndi pamwamba pa makutu kumachokera ku kukoka: kuluka kolimba, mesh yolemera, ulusi womangitsa, mawigi omatira, ndi duku lomangidwa pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo ngozi imakula pamene tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala lilukidwanso mothina. Maluko amene akupweteka kotero kuti munthu alephera kugona, kapena amene atulutsa tiziphuphu m'mphepete, akuzula mizu. Amasulidwe msanga, pakuti poyamba tsitsi limabwerera, koma zikapitirira zaka muzu umafa, pamalopo nipasalala, ndipo madzi akatayika saoleka. Tiwachitire chifundo makamaka ana aakazi aang'ono, amene amalira polukidwa, ife n'kumati kukongola n'kupirira. Dazi la abambo ndi la kumtundu, lochokera kuchimuna kapena kuchikazi, ndipo limadza chifukwa mizu ya pamphumi ndi paliwombo imafota pang'onopang'ono ndi mphamvu ya mahomoni achimuna. Si nthenda, si njala, ndipo mavitamini sangalibweze. Alipo mankhwala opaka otchedwa minoxidil amene amathandiza ena, koma amagwira ntchito pokhapokha munthu akupakabe.

Mwana wanga wa ku Joni wanditumizira botolo la mavitamini a tsitsi, kodi ndimwe?

Mphatso ya mwana ndi yolemekezeka, ndipo amene adaitumiza adachita mwachikondi; koma musanameze, chitani zinthu zitatu. Choyamba, werengani kapena pemphani wina akuwerengereni zolembedwa kumbuyo, muone muyeso wa vitamini A, D ndi E, ndi tsiku lothera mphamvu. Chachiwiri, musaphatikize mabotolo, pakuti la tsitsi, la khungu, la maso ndi la mafuta a chiwindi cha nsomba onse angakhale ndi vitamini A, ndipo muyeso umene uli wabwino m'botolo limodzi umasanduka woopsa m'mabotolo atatu. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Chachitatu, litengereni kuchipatala mukalionetse, makamaka ngati muli oyembekezera kapena mukufuna kutenga pakati, ngati muli ndi nthenda ya chiwindi kapena impso, ngati mumamwa mowa kwambiri, kapena ngati muli pa mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV, a chifuwa chachikulu, a khunyu kapena a mtima. Vitamini imachiritsa amene akuisowa. Kwa amene ali nayo kale yokwanira, yoonjezerayo simeretsa tsitsi ngakhale limodzi.

Tsono tidye chiyani, ndipo tiphike motani, kuti mavitamini amenewa atikwanire?

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta; ndipo gulu lotsirizali, limene ambiri amaliyesa la anthu olemera, ndilo limatsegulira mavitamini anayiwa njira. Amayi athu adalidziwa kalekale. Taonani mayi akusadzula nkhwani, naitsuka asanaidule, naiika mumphika wa madzi ochepa owira kale, pamwamba nathira tomato ndi nsinjiro zosefa, navundikira kanthawi, kenaka navundula mpaka msuzi utagwirana: mu mphika umenewo masamba apereka chachikasu chosanduka vitamini A pamodzi ndi vitamini K, mtedza wapereka vitamini E pamodzi ndi mafuta ozinyamula, ndipo pakakhala usipa kapena kambuzi wa ku Malombe pambali, wodyedwa ndi mitu ndi minga yomwe, palowanso zomanga thupi, kashiamu, ayironi ndi zinki. Masamba owiritsa m'madzi ndi mchere wokha amataya gawo lalikulu la phindu lake, chifukwa thupi limalephera kulitenga. Mfutso uyanikidwe pamthunzi podutsa mphepo, pakuti dzuwa limawononga chachikasu chija. Mafuta ophikira ogulitsidwa m'timapepala ta pulasitiki toonekera, timene timakhala pabenchi padzuwa kuyambira m'mawa kufikira madzulo, amataya vitamini A imene adathiridwa. Gulani amene ali pamthunzi, ndipo kunyumba muwasunge pamdima. Chiwindi cha mbuzi kapena nkhuku chidyedwe mwa apo ndi apo, osati tsiku ndi tsiku, ndipo mayi woyembekezera asachichulutse. Malambe, magwafa kapena ndimu pa nthawi ya chakudya zimathandiza ayironi kulowa, pamene tiyi womwera nsima amamutsekereza.

Kodi ndi liti pamene munthu ayenera kupita kuchipatala chifukwa cha tsitsi?

Apite pamene kuyoyoka kwapitirira miyezi isanu ndi umodzi; pamene pamutu pali mabala, mafinya, kuyabwa kapena zipsera; pamene timadazi tikukula kapena nsidze zayamba kutha; ndiponso pamene kuthothokako kwadza pamodzi ndi kuwonda, kutsokomola kosatha, kutentha thupi usiku, kutupa kwa pakhosi kwa chithokomiro, kutumbuluka kapena kusintha kwa msambo, pakuti pamenepo tsitsi langoonetsa nthenda ina yaikulu imene ikufuna kuyezedwa. Mwana wotupa mapazi, kapena wosaona madzulo, asagone kunyumba usiku wina. Poyambira ndi kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, kapena pachipatala chaching'ono cha Ulongwe kapena cha Kalembo. Ndipo zikafunika, adzakutumizani kuchipatala cha boma ku Balaka kapena cha Machinga pa Liwonde, ngakhale kwa akatswiri a khungu ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Popita nyamulani kabuku kanu ka kuchipatala, mabotolo onse amene mukumwa ndi mafuta amene mukupaka, ndipo mukumbukire kuuza dokotala zimene zidakuchitikirani miyezi itatu tsitsi lisanayambe kugwa, kaya ndi matenda, uchembere, maliro kapena mankhwala atsopano. Musabise kanthu chifukwa cha manyazi, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ndipo zoyambitsa zambiri za kuthothoka kwa tsitsi, zikadziwika msanga, zimachizika ndi mankhwala opezeka m'zipatala zathu zomwezi.